Mutu 5: Dzanja Loyera M'galasi

1. Chipinda chachikasu

Mwezi wa Januwale kuno ku Saskatoon sucheza ndi munthu. Ukangotuluka panja, ubweya wa m'mphuno umauma kuti gwa. Ukakwera galimoto, magalasi onse amachita nthunzi, woyendetsa n'kumapukuta ndi mkono wa jekete uku akung'ung'udza.

Nthunzi imeneyi ndi imene Mayi Boychuk ankalimbana nayo. Anali katswiri wa sayansi, mayi wamfupi, wa imvi mbuu, wa mawu omveka kuseri kwa khoma. Ankafuna kupanga galasi la galimoto losachita nthunzi. Loweruka lililonse ankalandira ana atatu a sekondale mu labotale yawo: Liezel Abrenica, mchimwene wake Jomar, ndi mnzawo Tanis.

Jomar anali m'chaka chomaliza ndipo ankalota zokaphunzira sayansi ku yunivesite. Mayi Boychuk ankamukhulupirira kwambiri, moti anamupatsa khadi lotsegulira chitseko. Mnyamatayo ankalivala pakhosi ngakhale popita kutchalitchi.

Labotaleyo inali pansi pa nthaka ndipo inalibe zenera. Nyale zake zinali zachikasu, moti aliyense wolowamo ankaoneka ngati akudwala chikasu. Pakona panali pampu yomwe inkagunda osalekeza, du, du, du.

Tsiku loyamba, Mayi Boychuk ananyamula galasi lalikulu ngati mbale yodyera.

"Mukuliona ngati lopanda kanthu, eti? Si lopanda kanthu. Pamwamba pake tamatapo mamolekyu, tinthu tating'ono moti ngakhale mutatong'ola maso chotani simungatione. Taima chilili ngati tsitsi la burashi, ndipo kalikonse kali ndi bondo pakati. Kuwala kwa nyale ya m'bokosi lakuda ilo kukatigunda, timagwada. Kuwala wamba kwa masana kukatigunda, timadzukanso. N'chifukwa chake muno mulibe zenera."

"Ndiye kugwadako kumathandiza chiyani?" anafunsa Liezel.

"Tikaima, madzi amaundana timadontho, galasi limayera mbuu. Tikagwada, madzi amayalana, galasi limaonekera bwinobwino. Makina oyezera alipo, koma ine ndimayamba ndi mpweya wanga. Uzira, uone."

Kuyambira pamenepo, kuuzira galasi kunakhala moni wa m'labotalemo.

2. Chenjezo

Za bokosi lakuda Mayi Boychuk sankazinena moseka.

"Ana inu, mvetserani, chifukwa sindikonda kubwereza. Bokosi ilo musaliseweretse. Nyale ili m'menemo kuwala kwake kwenikweni sikuoneka ndi maso. Moto ukakuwotcha umakuwa pompo n'kuchotsa dzanja. Iyi ayi, imakuwotcha uku ukuseka. Ukaiyang'ana m'mawa, masana umadya bwinobwino n'kumati gogo uja amangotiopseza. Dzuwa likapendeka, maso amayamba kuyabwa. Kenako umamva ngati wina wakuthira mchenga. Kenako zikope zimatsekeka zokha, misozi ili chuchuchu, ngakhale uzikanule ndi zala sizitheka.

"Ambiri amachira pakapita masiku angapo, sindikana. Koma nthawi imene maso akutsekekayo udzakhala uli kuti? Pamasitepe? Pakati pa msewu? Nyaleyo sidzakufunsa zimenezo.

"Chitseko chake chikatseguka, nyale imazima yokha. Amene adzachipusitse chitseko chimenechi adzasiya khadi patebulo panga, ndipo sadzapondanso muno. Kaya ndi mwana wa ndani. Musaganize kuti sindidzadziwa. Ine ndingathe kusaona, koma tinthu ta pagalasiti sitiiwala kuwala kumene kwatigunda."

"Mesa mwati timadzukanso?" anatero Tanis, amene pakamwa pake sipankatseka.

"Timadzuka wina akatidzutsa," anayankha Mayi Boychuk, akumuyang'ana pamwamba pa mandala awo.

3. Galasi lachitatu

Loweruka lina Liezel anabwera pa basi. Jomar anali atalawirira ndi galimoto ya kunyumba, ati kunali masewera a basiketibo.

Mayi Boychuk anawagawira ntchito n'kukwera ku ofesi yawo. Ntchito ya Liezel inali yophweka. Ankayenera kuchotsa magalasi atsopano m'foyilo, pepala lonyezimira lija lokutira chakudya, n'kuwauzira limodzilimodzi. Galasi latsopano, losagundidwa ndi nyale, limayenera kuyera lonse.

Anauzira loyamba. Mbuu. Anauzira lachiwiri. Mbuu.

Atauzira lachitatu, nthunzi inakana kukhala m'mphepete. M'mbali monse munaonekera bwinobwino, koma pakati panatuluka chinthu choyera. Chinali ndi chikhato. Chinali ndi zala zisanu zotambasula, ngati za munthu amene ali mkati akukankha kuti atuluke.

Dzanjalo linayamba kuzimirira kuchokera kunsonga za zala, pang'onopang'ono, mpaka galasi linatsala lopanda kanthu.

"Tanis," anaitana chonong'ona. "Tabwera."

"Wathyola chiyani?"

"Tangobwera, iwe."

Anauziranso. Dzanja lija linabwereranso pomwepo.

"Mayo ine!" Tanis analumpha chambuyo mpaka kugunda mpando. "Ndinakuuza ine kuti muno muli zinthu! Ndinakuuza kapena sindinakuuze?"

"Mafilimu ako aja akudya mutu."

"Mafilimu ati? Ukuona ndi maso akowo! Mwina wina analigwira akudya madonasi."

Liezel anapendeketsa galasilo pansi pa nyale yachikasu. Panalibe mafuta, panalibe chidindo cha chala ngakhale chimodzi. Linali losalala ngati lochokera kumene kufakitale.

"Dzanja ili silinakhudze galasi," anatero Liezel. "Ndi mthunzi chabe."

"Mthunzi wa ndani? Mthunzi umatsala mwini wake atachoka?" Tanis anatenga chikwama chake. "Aise, ine ndikukamwa tiyi kumwamba, kumene kuli anthu amoyo. Ukamva akukuitana dzina usayankhe."

Chitseko chinatsekeka. M'chipindamo munangotsala kugunda kwa pampu.

Liezel anachita tsemwe thupi lonse, koma sanathawe. Anauzira kachitatu, nthawi iyi mofatsa, n'kuyang'anitsitsa chala chimodzichimodzi. Chala chaching'ono chinali chokhota chakunja, ngati ndowe.

Chala chimenecho ankachiona tsiku lililonse patebulo, chikuba nyama m'mbale mwake. Chinathyoka pa basiketibo ndipo sichinawongokenso.

Anapita pa bokosi lakuda n'kupapasa kunsi kwa chitseko chake. Anatulutsa kamaginito kooneka ngati bandu la mango, kamene m'mawa womwewo kanasowa pa firiji ya kwawo. Mantha a mizukwa anamuthera, n'kubwera ena oposa pamenepo.

4. Maso ofiira

Jomar analowa akuimba mluzu, chipale chili pamapewa.

"Kamphuno, wakwiyiranji? Basi inakusiya?" anatero, akumuitana mlongo wakeyo ndi dzina lomusereula.

Liezel ananyamula galasi lija n'kuliuzira mchimwene wake akuona.

Mluzu unathera pakati. Jomar anatsegula chikwama chake, natulutsa galasi lina lokutidwa m'foyilo, n'kuliuzira. Linayera lonse mbuu.

"Asa! Ndiye kuti ndatenga lopanda kanthu? Zinthu izi zimafanana ngati mazira."

"Achimwene, mwatani?"

"Inali mphatso chabe. Ya Annika, mtsikana ndimamufuna uja. Ndimafuna ndimupatse galasi lopanda kanthu ndimuuze kuti uzira, kenako aone dzanja langa likumupatsa moni. Ukuona nzeru zake?"

"Ndikuona uchitsiru wake. Munapusitsa chitseko ndi maginito a Amayi."

"Kanthawi kochepa."

"Zotchingira maso munavala?"

Jomar anayang'ana kumbali. "Zimachita nthunzi. Ndikanaona bwanji poika dzanja?"

"Ndiye munasuzumira m'kati nyale ikuyaka?"

"Iwe, ndili bwinobwino. Taona." Anatong'ola maso moseka. Ngakhale m'kuwala kwachikasu kuja, Liezel anaona kuti anali ofiira psuu. Jomar anaphethira kawiri katatu n'kuwatikita ndi chala chokhota chija.

"Akuyabwa?"

"Ndi hita ya m'galimoto, imaumitsa maso. Tamvera, Tanis waliona?"

"Waliona."

"Basi tatha. Pofika madzulo mzinda wonse ukhala utamva." Anamugwira mapewa, mawu ake n'kutsika. "Mlongo wanga, ndithandize. Sufunika kunama, sufunika kuchita chilichonse. Ukangoliika pazenera la pamasitepe lija. Kunja kukuwala ndi chipale, lidzifufuta lokha. Tanis akalankhula, Mayi Boychuk adzauzira n'kupeza mbuu, adzati mwanayu mafilimu amupweteka."

"Mukupita kuti?"

"Kukatenga Amayi ku Rosthern, waiwala? Aweruka madzulo ano."

Mayi awo ankasamalira okalamba m'tauni imeneyo, kumpoto, ndipo ankagona komweko mlungu wonse. Msewu wake ndi wowongoka, wodutsa m'minda yopanda mtengo, ndipo mphepo ikawomba chipale chimayenda pa tala ngati utsi.

"Musayendetse lero, achimwene. Mayi Boychuk anati dzuwa likapendeka…"

"Mayi Boychuk anati, Mayi Boychuk anati! Ukufuna Amayi agone pa benchi? Ukufuna Mayi Boychuk andilande khadi? Ukudziwa kuti popanda mawu a mayi amenewa ku yunivesite sindikalowako. Ukakawauza awa a kumwambawa, wandimaliza ndiwe."

Anaponya makiyi m'mwamba kuti awawakhe monga ankachitira nthawi zonse. Anawaphonya. Anawatola pansi akuseka, n'kutuluka.

5. Pazenera

Liezel anakuta galasilo m'foyilo n'kukwera masitepe. Pakati pa masitepewo panali zenera lalikulu loyang'ana koimika magalimoto. Kuwala kwa chipale kunamuthobwa m'maso.

Anachotsa foyilo ija n'kuimika galasi pazenera.

Tinene zoona, anachita zimenezi chifukwa ankamukonda mchimwene wakeyo. Ndi Jomar amene anamuphunzitsa kuyenda pa ayezi osagwa atangofika kumene m'dziko lino. Ndiponso kuika galasi pazenera sikunkaoneka ngati kulakwa. Sanathyole kanthu, sanauze munthu bodza. Anangoima chabe, manja ali m'matumba, kuwala kukumugwirira ntchito.

Kunja, Jomar ankapala ayezi pagalasi la galimoto. Anapala pang'ono, n'kuima, n'kubisa nkhope m'chigongono. Anapalanso, n'kuimanso.

Liezel anauzira galasi lija. Chala chachikulu chinali chitamira kale m'kuyera. Tinthu tija tinali tikudzuka, ndipo kuyerako kunkadya dzanjalo kuchokera mbali imene dzuwa linali.

Anadikira. Pansipo injini inalira, utsi woyera n'kufuka kumbuyo. Galimoto inabwerera chambuyo, n'kukwera pang'ono pa mulu wa chipale, chinthu chimene Jomar wonyadira kuyendetsa uja sanachitepo. Kenako inakhota pageti n'kusowa.

Anauziranso. Zala zina ziwiri zinali zitapita. Chotsala chinali theka la chikhato ndi zala ziwiri zakumapeto, ngati munthu amene akumira atakweza mkono.

Pamenepo anaganiza za maso ofiira aja ali pamsewu wa ku Rosthern. Anatsomphola galasilo, nalikuta m'foyilo mpaka m'makona, n'kulilowetsa m'kati mwa juzi. Anathamanga masitepe otsalawo awiriawiri.

6. Mpweya wa Mayi Boychuk

Anawapeza Mayi Boychuk akudya maperogi, timikate tophika toikamo mbatata, m'kabakuli, nsapato atavula.

"Mwanawe, munthu amagogoda."

"Pepani, Mayi. Tsekani makatani. Zimitsaninso nyale."

Mayi Boychuk anamuyang'ana nkhope, nayang'ana foyilo ili m'manja mwake. Anaika foloko pansi n'kuchita zimene mwanayo ananena. Muofesimo munachita kamdima.

Anagwira galasilo m'mphepete n'kuliuzira. Theka la dzanja linatuluka, chala chokhota chili kumapeto. Anachiyang'ana mpaka chinazimirira.

"Linali lathunthu?"

"Eya."

"Ndani analidzutsa?"

"Ine. Ndinaliika pazenera." Kenako Liezel anapitiriza: "Dzanjalo ndi la achimwene. Anapusitsa chitseko ndi maginito m'mawa uno. Sanavale zotchingira maso. Chonde musawalande khadi, Mayi, anangofuna…"

"Khadi ndilanda. Ndinanena, ndipo sindinena zinthu ziwiri." Mawu awo sanali aukali. "Koma tamvera, mwanawe. Khadi ndi pulasitiki. Sukulu zilipo zambiri, ndipo mnyamata wanzeru akagwa pano amakadzukira pena. Ndaona ana ambiri akulira muofesi muno, lero ena ndi madokotala. Iweyo wachita bwino kubwera, ndipo mchimwene wako akudana nawe kwa kanthawi, uzilandire zimenezo. Chimene wachita molakwa n'kuima pazenera paja. Unadziuza kuti sukuchita kanthu, si choncho? Kuimako kunali kuchita. Tsopano tandiuza, ali kuti? Muitane abwere ndimuone masowo."

"Apita."

"Apita kuti?"

"Ku Rosthern. Pa galimoto."

Mayi Boychuk anaimirira mwachangu moti kabakuli kanagwa pansi. Liezel anali asanawaonepo akuchita mantha. Anakankha katani n'kuyang'ana kunja. Dzuwa linali litapendeka, ndipo mphepo inali itayamba kunyamula chipale pamadenga.

"Muimbire. Pompano."

7. Foni

Foni inaitana mpaka kuduka. Liezel anaimbanso. Inaitana mpaka kuduka. Mayi Boychuk anali akuvala mabuti ndi dzanja limodzi, linalo likufufuza makiyi m'chikhoti.

Tanis anasuzumira pakhomo, kapu ya tiyi ili m'manja. "Mwachiona chidzanja chija, Mayi? Ine ndinati…"

"Tenga mabulangeti awiri m'kabati ya pakhonde. Thamanga."

Tanis anawayang'ana onse awiri, natula kapu pansi, n'kuthamanga osawonjezera liwu.

Anatsika masitepe, nadutsa pazenera paja. Liezel sanayang'aneko. Anaimbanso atakwera kale m'galimoto ya Mayi Boychuk, magalasi onse atachita nthunzi, mayiwo akupukuta ndi mkono wa chikhoti.

Nthawi iyi foni inayankhidwa. Poyamba kunangomveka mphepo, ndi kulira kwa nyale zochenjeza, tiki, tiki, tiki.

"Achimwene?"

"Kamphuno." Mawuwo anali otsika, ngati a munthu amene akulankhula mano atalumana. "Wafufuta?"

Liezel anayang'ana foyilo imene inali pamiyendo pake.

"Sindinafufute. Ndawauza. Ali pano. Imitsani galimoto, achimwene, chonde, mudzandikalipira kunyumba."

Liezel anadikira kutukwanidwa, ndipo akanakondwa kukumva.

"Ndaima kale," anatero Jomar. "Kaya ndaima pamsewu kaya m'munda, sindikudziwa. Galimoto yapendekeka ndipo injini yazima. Liezel, m'maso mwanga muli mchenga. Ndikuwakanula ndi zala koma akukana."

Mayi Boychuk anawerama chakufoni, uku akutulutsa galimoto pageti.

"Jomar, ndi ine. Usatuluke m'galimotomo, wamva? Usatikite maso. Tiuze chomaliza chimene unaona."

"Kuyera, Mayi. Kuyera kokhakokha." Anapuma movutikira. "Pali chinachake chikubwera. Ndikumva chigalimoto chachikulu kumbuyoku. Liezel, nyale zanga zikuyaka? Tandiuza ngati ziku…"

Foni inati zii. Liezel anaimbanso, koma mawu a makina anamuuza kuti nambalayo siikupezeka.

Kutsogolo kwawo msewu wa kumpoto unali utayamba kumira m'chipale.